A Matewere, Amene Anatchula Nthenda Pamaliro

Sabata yatha tinali pamaliro kuseri kwa Songani, ndipo bambo amene amayendetsa mwambo masiku ano anati malemu anadwala kwa nthawi yaitali. Anatero mwaulemu, manja atapinda kumbuyo, monga onse amanenera. Ine ndinangopezeka ndatembenuka, maso ali kumbali ya abambo, kufunafuna jekete lakuda. Mwezi uno chakwana chaka chiwaikireni m'manda a Gilibati Matewere, koma khosi langali silinazolowerebe.

Nyumba yanga inayang'anizana ndi yawo, pakati padutsa njira yopita kudambo la mpunga. Ndine mphunzitsi wa kupulayimale, ndipo zambiri zimene ndilembe pano ndinaziona ndili pakhonde panga. Zina anandiuza ndi akazi awo, aNangondo.

A Matewere ndiwo ankayendetsa mwambo wa maliro m'chigwa chino cha Domasi kuyambira ine ndili kamtsikana. Sinali ntchito yolembedwa. Ntchito yawo yamalipiro inali ya ukalaliki kukoleji, ndipo atapuma anabwerera kumpunga monga wina aliyense. Koma kukagwa zovuta, anamfedwa ankayamba afunsa ngati a Matewere ali pakhomo, kenako n'kumakumbukira zotumiza uthenga kwa abusa. Ankadziwa woyenera kuyankhula poyamba ndi wotsekera. Ankadziwa mabanja amene sayenera kukhazikidwa pa benchi limodzi. Mkulu akatalikitsa nkhani dzuwa likupendeka, iwo sankamulanda mkuzamawu ayi. Ankangomuyandikira n'kuyamba kuvomereza mokweza, zoonadi, zoonadi, mpaka mkuluyo ankaona yekha kuti mawu amuthera. Chipepeso ankachilengeza ndi liwu limodzi, kaya ndi nkhuku ya mayi wamasiye, kaya ndi bokosi lochokera kwa aphungu.

Anali munthu wonyada, tisanamizane. Nsapato ankapukuta ngakhale popita pa golosale kukagula machesi. Ankakonda kunena kuti maliro si malo ophunzirira kuyankhula, ndipo munthu wolakwitsa dzina la malemu ankamusungira mlandu mpaka mpunga wa chaka chamawa. Ine anandidzudzulapo pagulu chifukwa ana anga a sukulu analowa kumanda mosayenda pamzere, ndipo tinatha miyezi tikupatsana moni wouma. Munda unali wa kwa akazi awo, ana anamwazikana m'matauni, koma liwu lija ndi ulemu wake zinali zawozawo. Ndizo anapereka tsiku lina, popempha timatumba ta pulasitiki timene mpaka lero tikudikira.

Za timatumbato ndinazidziwa mochedwa. Chaka china anakagonekedwa ku Blantyre, n'kubwerako atawonda, akuti anawachita opaleshoni ya chophukacho. Kuyambira pamenepo jekete silinachoke m'thupi. Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, phiri la Malosa litaphimbika ndi utsi wa moto wolusa, iwo ali m'jekete, mabatani onse atamanga. Tinkawaseka kumbali kuti akuluwa akuopa tingaiwale kuti anagwirapo ntchito mu ofesi. Anasiyanso kudya pamaliro. Nthawi ya chakudya ikafika ankati adya kale, n'kukaima paokha pansi pa mtengo, kumbali imene mphepo ikulowera. Anthu ankati ndi matama basi.

Tsiku lina aNangondo anabwera kudzapempha mapepala a shuga otha, akuti ofesera mbande. Ndinawapatsa. Anabweranso, ndinawatolera ena kwa aphunzitsi anzanga. Koma mbandezo sindinazione. Nditafunsa mocheza kuti kodi nkhalango imeneyi mukuidzala kuti, mayiwo anakhala pansi pakhonde panga, n'kuyang'ana kunjira ngati kukubwera munthu.

"Aphunzitsi, zimene ndikuuzenizi zithere pompano. Anzanu aja sichinali chophukacho ayi. Ndi khansa ya m'matumbo. Anadula thumbo lodwalalo, n'kuwaboola apa." Analoza pamimba, chakumanzere. "Kuchimbudzi sapitanso ngati ife. Zonse zimatulukira pabowopo, n'kugwera m'kathumba kamene amamata pakhungu. Akuchipatala amatipatsa timatumbato tikakhalapo. Tikatha, ndiye mapepala anuwa."

"Nanga amamatira bwanji?"

"Timamanga ndi mphira ya chubu cha njinga. Khungu lonse linasupuka. Akamachotsa amandiuza kuti ndipite kukatunga madzi, madzi ali tho m'ndowa."

Ndinasunga pakamwa. Ndikakumana nawo panjira ndinkawapatsa moni monga kale, koma maso anga ankathawira pa mabatani aja, ndipo ndikuganiza kuti anazindikira.

Anthu a bungwe anatipeza chaka chotsatira. Linali bungwe laling'ono la ku Blantyre, loyambitsidwa ndi anamwino opuma pamodzi ndi anthu amene anaikapo abale awo chifukwa cha nthenda yomweyi. Mankhwala analibe, ambulansi analibe. Ntchito yawo inali yogogoda pazitseko za aphungu ndi nduna, makamaka bajeti ikamayandikira. Ankapempha kuti boma lizigula timatumba monga limagulira mankhwala ena onse, ndiponso kuti munthu wotaya magazi kuchimbudzi kwa miyezi asamangobwezedwa kunyumba ndi mapiritsi a kamwazi, koma aziyezedwa bwino. Kuno anatuma mayi wachitsikana, dzina lake Tadala, woyankhula mofulumira, wa nsapato zosadziwa matope athu. Anati mapepala aphungu anatopa nawo, chofunika ndi munthu wamoyo woti akaime pamaso pa komiti ya zaumoyo, ndipo wina anamunong'oneza kuti ku Domasi kuli bambo wodziwa kuyankhula.

A Matewere anamupatsa mpando, n'kumumvetsera mpaka kumapeto. Kenako anafunsa.

"Mwati ine ndikaime pamaso pa anthu, ndikanene za kuchimbudzi kwanga?"

"Bambo, wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife tikanena amati tikungofuna ndalama za azungu."

"Mwambiwo mwautchula bwino, mayi. Koma chitseko chimenecho munthu amatsekula anzake atagona. Minibasi zimavuta dzuwa likapendeka, nyamukani."

Tadala sanali wofooka msanga. Anabweranso kangapo, mpaka anandikokera ine m'gulu lawo kuti ndizimuthandiza kunyengerera. A Matewere ankamuseka. Ankati ana a m'tauni amathamangitsa phungu m'mahotela, kumuitanira mawekishopu ndi kumupatsa alawansi, iye n'kutuluka pakati pa nkhani kuti foni yalira. Phungu, iwo ankati, amapezeka pamaliro. Pamenepo satuma mlembi, sayankha foni, amakhala maola ndi maola manja ali pa mawondo, ndipo sangadzuke mwambo usanathe chifukwa ovota onse akumuyang'ana. Ankanena izi monyodola chabe, posonyeza kuti iwo amawadziwa bwino aphungu kuposa bungwe lonse. Sanali maganizo oti adzachitepo kanthu.

Amene anasintha zinthu ndi Dolofe, mphunzitsi mnzanga wa Sitandade 3, mayi wa ana awiri, wokonda kuseka ndi kuimbitsa ana pa asembule. Anayamba kuwonda tikumuona. Kwa nthawi yaitali ankamwa mankhwala a kamwazi, a kuchipatala ndi a m'mabotolo ogula pa msika, osauza ngakhale mwamuna wake kuti magazi sakusiya. Pomwe ankamuyeza bwino n'kuti nthenda itayala mphasa. Anamuchita opaleshoni, n'kubwerako ndi kathumba. Anayesa kubwerera m'kalasi. Timatumba titatha, tsiku lina ana a kutsogolo anagwira mphuno, ndipo iye anaika choko pa tebulo, n'kutuluka. Sanabwererenso.

Anadzitsekera m'nyumba, makatani otseka. Kenako anayamba kukana chakudya. Poyamba tinkati ndi matenda, koma anandiuza yekha kuti akapanda kudya sipatuluka kanthu, ndipo pakapanda kutuluka kanthu ana ake amatha kukhala naye pafupi. Mawu amenewo amandibwererabe ndikamagawa phala kusukulu.

Ndinapita kwa a Matewere, ulendo woyamba kuwauza maso ndi maso kuti ndikudziwa.

"Bambo, mukamuone mwana uja. Akuganiza kuti m'chigwa chonse chino ndi yekha. Akangokuonani inu mukuyenda, mukuyankhula, adya."

Sanafunse kuti wandiuza ndani.

"Ndamva, aphunzitsi. Ndipita."

Mawa lake anatuma aNangondo ndi timatumba tawo tabwino, tochokera kuchipatala, amvekere mukanene kuti tachokera ku bungwe. Iwo anabwerera ku mapepala a shuga. Koma phazi lawo silinaponde pakhomo pa Dolofe. Nthawi zonse ankati mawa. Tsiku lina anavala, anapukuta nsapato, anafika mpaka pa mlatho wowolokera kwa Dolofe, n'kubwerera. Dolofe anamwalira osadziwa kuti bambo amene ankawaweramira panjira anali ndi bowo ngati lake.

Maliro ake anali aakulu, chifukwa cha sukulu ndiponso chifukwa chisankho chinali pafupi. Aphungu athu anagula bokosi, n'kubwera okha, anawakhazika pa sofa pansi pa tenti. Apongozi ake a Dolofe anali pamphasa pafupi ndi bokosi, ana a sukulu atandandalika kumbuyo. Malume a malemu anaima n'kunena mbiri, kuti anabadwa liti, anaphunzira kuti, anadwala kwa nthawi yaitali, achipatala anayesetsa koma Chauta wakonda. Kenako a Matewere analandira mkuzamawu kuti aitane olemekezeka. Koma sanawaitane. Ine amene ndinawamva akuyankhula moyo wanga wonse ndinali ndisanawaonepo akusowa poyambira.

"Anamfedwa, mundikhululukire. Abusa, mundikhululukire. Malume anena kuti mwanayu anadwala kwa nthawi yaitali, ndipo sananame. Mawu amenewo ndinawaphunzitsa ndine. Ndawanena pamaliro ambiri m'chigwa chino, koma lero andikanika. Mwanayu anadwala khansa ya m'matumbo. Ankataya magazi kuchimbudzi, akuchita manyazi kunena. Atamuchita opaleshoni, chimbudzi chinkatulukira pamimba, m'kathumba. Timatumba titatha anasiya kudya, kuopa kununkhira ana ake."

Amayi a pamphasa anakokera zitenje kumaso. Kwathu kuno mawu otere satchulidwa pamaso pa apongozi, ndipo kutchula zobisika za munthu ali m'bokosi ndi kumuvula. Malume aja anadzuka. Mkulu wina wa mpingo anayandikira n'kuyamba kunena kuti zoonadi, zoonadi, njira yawo yomwe ija. A Matewere sanamucheukire. Anapatsira mkuluyo mkuzamawu kuti awagwirire, n'kumasula mabatani a jekete limodzilimodzi, kenako kukweza shati. Pamimba pawo panali pepala la shuga lomangidwa ndi mphira yakuda, khungu lozungulira lili psuu.

"Ine ndimakhala uko, kutsidya kwa mlatho. Nthenda yake ndi yanga yomweyi. Ndikanapita kukamuonetsa izi, mwina akanadya. Ndinaopa inu." Anatembenukira ku tenti. "Olemekezeka, bokosi mwagula, tathokoza, n'lokongola. Koma pepani sapoletsa chilonda. Ife tikupempha kanthu kotchipa kuposa bokosi, kamene munthu amakafuna akadali moyo. Mukapita ku Nyumba ya Malamulo mukaitchule nthendayi ndi dzina lake, monga ndaitchulira ine pano pamaso pa apongozi a anthu. Mukapemphe timatumba. Tsopano bwerani mutiyankhule."

Aphunguwo anali munthu wodziwa ntchito yake. Anaima, anapukuta m'maso, n'kulonjeza kuti nkhaniyi aitenga ngati yawo ndipo ikhala yoyamba kutuluka pakamwa pawo Nyumba ikakumana. Anyamata a chipani anayamba kuwomba m'manja, kenako anakumbuka kuti ali pamaliro, n'kusiya. A Matewere anamanga mabatani awo n'kuitana adzukulu kuti anyamule bokosi. Mwambo wonse anaumaliza mwadongosolo mpaka nkhata yomaliza, ndipo amenewo ndiwo anali maliro omaliza kuwayendetsa.

Palibe anawaletsa. Kwathu sitiletsa munthu, timangosiya kumuitana. Abale a Dolofe anakadandaula kwa akulu a mpingo kuti mwana wawo anachititsidwa manyazi ali chigonere, ndipo ine sindiwaweruza, chifukwa chisoni chinali chawo. Zovuta zina zitagwa kufupi ndi Malosa, a Matewere anavala jekete n'kukhala pakhonde kudikira uthenga. Anthu ankadutsa panjira, kuwapatsa moni, n'kupitirira. Pamapeto pake anapita okha ngati wolira wamba, n'kukhala pa benchi. Benchilo linali lodzaza, koma mbali zonse ziwiri za iwo panatsala malo. Popeza chobisa chinali chitatha, tsiku limenelo anasamba m'manja kuti adye ndi anzawo. Mayi wogawa chakudya anawabweretsera mbale yawoyawo, n'kuiika patali pang'ono ndi ya abambo ena, mwaulemu kwambiri, atagwada.

Kunyumba nakonso kunali moto. ANangondo anakwiya kuposa onse, ndipo mkangano wawo ndinkaumva ndili kwanga.

"Zaka zonsezi ine ndakhala ndikunama m'malo mwanu! Ndapempha mapepala a shuga mudzi wonse ngati wamisala! Inu n'kukavula pagulu osandiuza n'komwe?"

"Ndikanakuuzani mukanandiletsa."

"Eya, ndikanakuletsani! Pano kumpingo amayi akundifunsa ngati n'zopatsirana. Walira mvula walira matope, mumve nazo."

Koma m'mawa mwake ndinkawaona mayi omwewo akuwotha madzi oti abambo asambe, akung'ung'udza.

Amene anasangalala ndi Tadala. Wina anajambula zonse zija pa foni, ndipo kanemayo anayenda mpaka ku Lilongwe. Zitseko zimene bungwe linagogoda zaka zambiri zinayamba kutsekuka. Tadala anawatenga a Matewere kukaima pamaso pa komiti ya zaumoyo, atawalangiza kuti ulendo uno shati asakweze. Anabwerako osakondwa. Ankati anawalandira bwino, anawapatsa tiyi wa mkaka, phungu wina wamayi analira, wapampando anati nkhani yamveka. Koma ankati anthu aja anamva ndi makutu okha, m'chipinda chozizira chonunkhira mafuta, ndipo nthenda iyi munthu saimvetsa mphuno yake isanamve. Anakangananso ndi Tadala pa nkhani ya chithunzi. Bungwe linkafuna nkhope yawo pa chikwangwani, atawerama mwachisoni. Iwo anati ajambulidwe ataima, tayi ali pakhosi, apo ayi asajambulidwe, chifukwa iwo ndi wodwala, si wopemphetsa.

Phindu linalipo ndithu, ndisaname. Anthu ena akufuna kwabwino ataona kanema uja anatumiza katoni ya timatumba kudzera ku bungwe, ndipo inafikira kwa a Matewere. Apa ndi pamene anatulukira kuti m'chigwa chino sanali awiri okha. Anthu anayamba kuwapeza. Sankabwera pakhomo ayi. Ankawatsata kudambo akamapirikitsa mbalame mumpunga, kapena kuwaimitsa panjira ya ku Songani ngati akufunsa mtengo wa feteleza. Wina ankadzipemphera yekha timatumba, wina ankapemphera mkazi wake, wina mayi ake. A Matewere ankayenda ndi timatumba m'thumba la m'kati la jekete. Maina sanauze munthu, ngakhale aNangondo, ngakhale Tadala amene anawachonderera kuti bungwe likufunika kudziwa kuchuluka kwa odwala kuti likaonetse nduna. Ankati iwo anavula okha, ndipo savula mnzawo. Sanadikire kuti katoni ithe. Anayamba kuchapa timatumba tawo togwiritsa kale ntchito, kuyanika, n'kumamatanso ndi pulasitala, kuti tatsopano totsala tipite kwa ena.

Aphungu anabwera kamodzi. Linali Lamulungu masana, galimoto anaisiya kumsewu, n'kuyenda wapansi okha, opanda anyamata awo. Ndinawaona akulowa, zokamba anandiuza aNangondo amene anali kuseri kwa chitseko. Akuti anakhala pa mpando wa ndalema n'kumazungulira nkhani ya mvula ndi mitengo ya mpunga, kenako anatsitsa mawu.

"Bambo, mayi anga akutaya magazi. Papita miyezi. Alongo anga angondiuza dzana. Kodi inu zinayamba bwanji?"

A Matewere anawafotokozera zonse, mosabisa, n'kuwauza kuti apite nawo kuchipatala chachikulu mawa lomwe, asadikire Lachiwiri. Kenako anafunsa za lonjezo lija.

"Sindinaiwale, bambo. Koma Nyumba ija simukuidziwa. Ndikangoima n'kutchula za kuchimbudzi, a mbali inayo adzaseka mpaka sipikala adzatope. Adzanditcha phungu wa zimbudzi mpaka ndidzafe. Ndiloleni ndidutse kaye pa chisankho."

"Ine akunditcha kale, bwana. Sizipha."

Aphunguwo anapambananso. Mayi awo tinamva kuti anapita nawo kunja kukalandira chithandizo, ndipo ali moyo, tithokoze Mulungu. Nyumba ikamakumana, a Matewere ankakhala ndi wailesi pa mwendo masana onse, osalola munthu kuyankhula. Dzina la dera lathu likatchulidwa ankaimika dzanja m'mwamba. Aphungu athu anapempha mlatho wa konkire, anapempha mijigo, anapempha denga la sukulu yanga yomwe. Zonsezo n'zofunika, ndipo mlathowo anamangadi. A Matewere anakauona, anaupondaponda ndi nsapato, n'kunena kuti ndi wabwino, adzukulu sazivutikanso powolotsa mabokosi.

Ine ndinkapsa mtima m'malo mwawo. Ndinawafunsa tsiku lina ngati sakudandaula kuti anataya ulemu wawo pachabe. Sanandiyankhe mwaukali monga ndinkayembekezera. Anati chimene chimawasowetsa tulo si aphungu ayi, koma ulendo uja anabwerera pa mlatho. Anati akatseka maso amaona makatani otseka a nyumba ya Dolofe, ndipo amadziwa kuti kuseri kwake kuli munthu wanjala amene akumva mapazi akuyandikira kenako n'kumabwerera. Ndinawauza kuti Dolofe sakanamva mapazi ali pa mlatho, ndi kutali. Anangoti iwo amawamva.

Tadala akugogodabe. Amandiimbira foni nthawi zina, akuti nkhani ya timatumba inalowa mu lipoti la komiti, mwina bajeti ikubwerayi. Mawu ake sathamanganso ngati kale. Sindimuseka, chifukwa popanda iye ngakhale katoni imodzi ija sikanabwera, ndipo ntchito yake ndi yopempha anthu okhuta kuti aganizire za fungo limene sanalimvepo.

Nthenda ya a Matewere inabwerera, ulendo uno m'chiwindi. Anawonda mpaka jekete linkaoneka ngati lobwereka. Anamwalira kuchipatala nthawi yokolola mpunga, chiperoni chitatsika m'phiri. Aphungu anatumiza chipepeso, eni ake anali ku Lilongwe. Woyendetsa mwambo atafika pa mawu a nthawi yaitali aja, aNangondo anadzutsa mutu pamphasa pomwe anagona, namfedwa amene sayenera kuyankhula, n'kunena mokweza kuti itchuleni nthendayo. Bamboyo anaitchula motsitsa, maso ali pansi. Anthu anali ambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Anagona pakhomopo, anaimba, anadya, anatiperekeza kumanda.

Kuseri kwa nyumba yawo, pakati pa bafa ndi nthochi, kuli kampata kamene munthu sangakaone ali pabwalo. Kumeneko a Matewere anamangako waya, m'munsi kwambiri, wofika m'chiuno, kuti zoyanikapo zisaonekere pamwamba pa mpanda. M'mawa wa tsiku limene tinawanyamula kupita nawo kuchipatala, aNangondo anali atachapa timatumba tonse totsala n'kutiyanika pamenepo, poganiza kuti abwerako. M'chipwirikiti cha maliro anaiwala. Anthu atabalalika anapita kuti akatichotse, akatitenthe. Anapeza waya ali mbee. Njinga inali pomwepo yotsamira bafa, ndowa yatsopano inali pomwepo, nkhuku zonse zinalipo. Mapegi okha ndiwo anatsala, ndipo wotengayo anawabwezera pa waya bwinobwino, moyandikana, monga amachitira munthu waulemu.

Anandiitana kuti ndidzaone.

"Musauze munthu kuti kwabedwa, aphunzitsi," anatero aNangondo. "Sikunabedwe."

Wayayo sanamasule. Ndinapitako dzulo. Wachita dzimbiri, udzu wamera mpaka kumugunda, masamba ouma a nthochi agwera pamwamba, mapegi aja akadali momwe anawasiyira. Amene anatenga timatumba tija anali pakati pathu masiku onse a maliro, anaimba nafe, anakhala nafe pa benchi kapena pamphasa, ndipo yekhayo amene ankadziwa dzina lake ndi amene tinkamuika. Timatumba tochapachapa sitikhalitsa. Pofika lero tinang'ambika kale, ndipo ife sitikudziwa nyumba yoti tikagogode.